Zilonda za pabedi kwa munthu wovulala msana: tiziletse bwanji zisanaboole?

aNaphiri (namwino):
Moni nonse. Kutentha kwa Okutobala kwayandikira, nthawi imene thukuta limanyowetsa khungu usana ndi usiku, ndiye ndati tikambirane za zilonda za pabedi kwa akuluakulu ovulala mtsempha wa mumsana, kaya pa ngozi ya kabaza, kugwa mumtengo wa mango kapena TB ya msana. Chimene achibale ambiri sachidziwa n'chakuti chilonda chimenechi sichiyambira kunja. Munthu akagonera kapena kukhalira malo amodzi, mnofu umapanikizika pakati pa fupa ndi matiresi, timitsempha ta magazi timatsekeka, ndipo mnofu wa pafupi ndi fupawo umayamba kufa khungu likadaoneka bwinobwino. Mnofu supirira kusowa magazi ngati mmene khungu limapiririra. N'chifukwa chake kabowo kongofanana ndi ndalama yachitsulo kamakhala ndi phanga mkati. Wabwinobwino dzanzi likamugwira amasuntha yekha ngakhale ali m'tulo. Kwa wovulala msana uthenga wa dzanziwo sufika kumutu, choncho wotchi ndi maso ndi zimene zimalowa m'malo mwa mitsempha.

aChisale (wa mafizo):
Zikomo anamwino. Malo ake amadalira mmene munthu wakhalira. Akagona chagada: fupa la m'munsi mwa msana pamwamba pa mpata wa matako, zidendene, zigongono, mafupa a kumbuyo kwa mapewa ndi nkhongo. Akagona chammbali: fupa la m'chiuno lotuluka pambali lija, akakolo, ndi pamene maondo amagundana. Akakhala pa wilitcheya: mafupa awiri okhalira a pansi pa matako. Awa ndiye oopsa kwa amene anatuluka kale m'chipatala, chifukwa kulemera kwa thupi kumathera pa timalo tiwiri tating'ono.

aNabanda (mlangizi wa zaumoyo):
Achimwene, funso limene limabwera kawirikawiri m'midzi ya ku Jali ndi ku Mayaka kuno ku Zomba ndi ili: mabuku amati tiziyang'ana kufiira, nanga pa khungu lakuda ngati lathuli kufiirako tikuona bwanji?

aNaphiri (namwino):
Funso lenileni limenelo achemwali, ndipo zilonda zambiri zimatipitirira pomwepo. Pa khungu lathu musadikire kufiira. Fanizirani malowo ndi mbali inayo ya thupi. Pamene pakuyamba chilonda pamada kuposa pozungulira, mwina kubiriwira ngati pamenyedwa, mwina kuwala ngati padzoledwa mafuta. Kenako gwirani ndi kuseri kwa zala. Pakhoza kutentha kapena kuzizira mosiyana ndi pafupi pake, kulimba ngati pali kambulu mkati, kapena kufewa mwachilendo ngati papaya lakupsa. Onani masana pafupi ndi khomo kapena zenera. Koloboyi amabisa zambiri. Usiku tochi ya foni muiwalitse chammbali, osati molunjika, kutupa kuonekere.

Kuyang'ana kukhale kawiri pa tsiku: m'mawa asanadzuke, kuona zimene usiku wachita, ndi madzulo akangochoka pa wilitcheya. Amene manja ake amagwira agwiritse ntchito kalirole womangirira ku kamtengo, kapena wina ajambule ndi foni kuti mwini thupi adzionere yekha. Chizindikiro chimene sichinazimirire patatha mphindi 30 chichokereni kupanikizika, ndi chilonda kale ngakhale khungu silinang'ambike. Pamenepo sagonerapo kapena kukhalirapo mpaka pabwerere mwakale, kaya zitenga tsiku limodzi kaya sabata.

aNabanda (mlangizi wa zaumoyo):
Nanga kusisita? Agogo ambiri akaona pada amasisita ndi mafuta kuti magazi ayende.

aNaphiri (namwino):
Ayi ndithu, asasisite. Timitsempha ta pamenepo taphwanyika kale, kusisita n'kuwonjezera kuphwanya. Sipiriti ayi, amaumitsa khungu mpaka kusweka. Paudala ayi, amaumbika ndi thukuta n'kukhala timibulu. Kuthowa ndi madzi otentha ndiye koopsa kwambiri, chifukwa munthu samva kutentha, amapsa osadziwa.

aChisale (wa mafizo):
Pa kutembenuza tsopano. Poyambira ndi maola 2 aliwonse, usana ndi usiku. Koma kutembenuza kuli ndi kachitidwe kake. Anthu ambiri amamugoneka munthu chammbali penipeni, fupa la m'chiuno n'kulunjika pa matiresi. Kumeneko n'kuchotsa chilonda kumbuyo n'kuchisamutsira m'chiuno. Koyenera n'kumupendeketsa pang'ono chabe, madigiri 30, pilo atamuika kumsana, kuti kulemera kugwere pa mnofu wa thako. Muyese polowetsa dzanja: fupa la m'munsi mwa msana likhale m'mwamba, ndipo fupa la m'chiuno lisalunjike pansi. Pilo wina pakati pa maondo ndi akakolo kuti mafupa asagundane.

Akagona chagada, pilo alowe m'litali pansi pa akatumba, kuyambira m'munsi mwa bondo kufika pamwamba pa kakolo, chidendene chilendewere moti pepala lidutse pansi pake. Bondo lipindike pang'ono. Pilo akakhala pansi pa chidendene chenichenicho palibe chimene mwachita.

Kumutu kwa bedi kusakwere kupitirira madigiri 30 kupatula nthawi ya chakudya. Munthu akatsamira mokwera amaseserekera kumiyendo pang'onopang'ono. Khungu limakakamira pa nsalu pamene fupa likutsika, ndipo timitsempha ta mkati timakokeka n'kuduka. Zilonda za phanga za m'munsi mwa msana zambiri zimabadwa choncho. Pomukwezera kumutu musamukoke m'khwapa. Anthu awiri agwire nsalu yolimba yopinda pawiri imene yayalidwa pansi pake, anyamule, ndiye asunthe.

aMwale (kiliniko ofesala):
Ndiwonjezere pang'ono achimwene. M'masabata oyambirira, fupa la msana lisanagwirane, kutembenuza kumafuna anthu atatu kapena anayi, mutu, mapewa ndi chiuno ziyendere limodzi ngati chipika, mmodzi atagwira mutu ngati kuvulala kuli m'khosi. Zoika mapilo mwa ufuluzi ndi za pamene adokotala anena kuti msana wakhazikika.

Koma pa maola 2 ndili ndi mawu. Mayi mmodzi amene akusamalira mwamuna wake, ali ndi munda ndi ana, sangadzuke maola 2 aliwonse chaka chathunthu. Amatopa, kenako amasiyiratu. Tiziwauza zotheka.

aChisale (wa mafizo):
Ndikuvomereza a Mwale, bola tisangolumpha. Nthawi imatalikitsidwa ndi umboni wa khungu. Yambani pa maola 2. Khungu likakhala lopanda chizindikiro m'mawa masiku angapo otsatizana, wonjezerani mphindi 30, muonenso. Pa matiresi abwino a siponji yolimba ambiri amafika maola 3 kapena 4. Pakangooneka chizindikiro, bwererani pomwe munali. Akadwala malungo, kutsegula m'mimba kapena matenda a chikhodzodzo, bwererani ku maola 2 tsiku lomwelo, chifukwa thupi likatentha khungu silipirira monga kale.

Chimene chimapulumutsa tulo ta osamalira ndi kugona chafufumimba. Kumapumitsa matako onse ndi zidendene, kumawongolanso chiuno ndi maondo kuti zisakhwinyate. Pilo pansi pa chifuwa, wina pansi pa ntchafu, wina pansi pa miyendo m'munsi mwa maondo, kuti maondo, mafupa a kutsogolo kwa chiuno ndi zala za kumapazi zikhale m'mwamba, ndipo kwa abambo maliseche asapanikizike. Ayambe ndi mphindi zochepa masana. Amene anavulala m'khosi kapena amavutika kupuma asayese popanda kuonedwa ndi a chipatala.

aNabanda (mlangizi wa zaumoyo):
Ogona pamphasa ndiye ambiri kuno.

aMbewe (mmisiri wa mawilitcheya):
Pamphasa kapena pamkeka ayi amayi, ngakhale usiku umodzi. Ngati banja lili ndi ndalama ya chinthu chimodzi chokha, igule matiresi. Akhale a siponji yolimba, yolemera mukainyamula, yokhuthala masentimita 12 kapena 15. Yopepuka yotchipa ija imaphwa msanga. Kuyesa kwake: munthu atagona, lowetsani dzanja chagada pansi pa matiresi molunjika fupa la m'munsi mwa msana. Ngati siponji yotsala pakati pa dzanja lanu ndi fupa sikukwana masentimita 2 ndi theka, kapena fupalo mukulimva, matiresiwo atha ntchito. Muziwatembenuza, kumutu kupite kumiyendo, pansi pabwere pamwamba, kuti dzenje lisakumbike malo amodzi.

Za wilitcheya ndiye ndichedwepo. Yambiri imene anthu amalandira kapena kugula pa kaunjika imabwera yopanda khushoni, ndi pokhalira pa nsalu. Nsaluyo ikakalamba imalendewera pakati, maondo amagundana, chiuno chimapendekeka, ndipo fupa limodzi lokhalira limasenza katundu wa awiri. Dulani thabwa la pulayiwudi lokwana pa zitsulo ziwiri za m'mbali, khushoni ikhale pamwamba pake. Khushoni yoyenera ndi ya zigawo ziwiri: pansi siponji yolimba kwambiri imene yasemedwa kadzenje kumbuyo kolowamo mafupa okhalira, kutsogolo kokwera kuti ntchafu zisenze kulemera, ndipo pamwamba siponji yofewa. Zonse pamodzi zifike masentimita 10 kapena kuposerapo. Chovundikira chikhale chotamuka. Chikakhala chothina ngati chikopa cha ng'oma, kadzenje kaja sikagwiranso ntchito.

Pali kayesedwe ka zala kamene a bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO amaphunzitsa ogawa mawilitcheya. Munthu akhale bwino pa khushoni, inu mulowetse dzanja kuchokera kumbuyo, nsonga za zala zifike pansi pa fupa lokhalira. Zala zikatha kugwedezeka m'mwamba ndi pansi mamilimita 5 kapena kuposa, zili bwino. Zikakanika kugwedezeka koma n'kutuluka mosavuta, ndi chenjezo. Zikapanikizika moti kutulutsa n'kovuta, khushoniyo ibweretsa chilonda, isemedwenso kapena isinthidwe. Muyese mbali zonse ziwiri.

Popondera mapazi pamaiwalika. Pakakwera kwambiri, ntchafu zimanyamuka, kulemera konse n'kupita ku mafupa okhalira. Pakatsika kwambiri, munthu amaseserekera kutsogolo. Ntchafu igone pa khushoni m'litali mwake monse, phazi lipondenso mokwanira, ndipo pakati pa khushoni ndi kuseri kwa bondo patsale mpata wa zala ziwiri kapena zitatu.

aNabanda (mlangizi wa zaumoyo):
A Mbewe, chubu cha galimoto chopopa pang'ono, kapena nkhata ya nsalu yokhala ndi bowo pakati, anthu amaitama kwambiri. Amati chilonda chimakhala m'mwamba.

aMbewe (mmisiri wa mawilitcheya):
Imaoneka yanzeru koma ndi msampha. Mkombero wa nkhatayo umapanikiza mozungulira ngati lamba, magazi olowa pakatipo amachepa, mnofu wa pabowopo umatupa n'kulendewera. Chilonda chimakula m'malo mopola. Pilo wogonera nayenso si khushoni, amaphwa pa mphindi zochepa. Amene angafike ku Blantyre, ku Kachere Rehabilitation Centre ya bungwe lothandiza olumala la MAP (Malawi Against Physical Disabilities) n'kumene kuli anthu odziwa kuyeza wilitcheya ndi khushoni. Kuno poyambira ndi a mafizo ku Zomba Central Hospital kuti akulozereni njira.

aChisale (wa mafizo):
Ndipo khushoni ngakhale ikhale yabwino chotani, siichotsa ntchito yodzipepuza. Mphindi 15 mpaka 30 zilizonse munthu achotse kulemera pa matako. Kale tinkaphunzitsa kudzinyamula ndi manja pa zogwirira za wilitcheya. Vuto lake, munthu amangotha masekondi ochepa, pamene mnofu umafuna pafupifupi mphindi 2 kuti magazi abwerere mokwanira. Komanso mapewa amatha, ndipo kwa munthu wa pa wilitcheya mapewa ndiyo miyendo yake. Njira yabwino n'kuweramira kutsogolo: mabuleki atsekedwe, timatayala ta kutsogolo tiloze kutsogolo kuti wilitcheya isagudubuke, chifuwa chipite pa maondo kapena zigongono zitsamire pa tebulo, akhale choncho mphindi 2. Ina n'kupendekera mbali imodzi mpaka thako linalo linyamuke, mphindi 2, kenako mbali inayo. Amene manja ake ndi ofooka, womuthandiza akhale pa mpando kumbuyo, atseke mabuleki, apendeketse wilitcheya chagada kwambiri mpaka itsamire pa miyendo yake. Kupendeketsa pang'ono sikuchotsa kanthu. Alamu ya foni imathandiza mpaka thupi lizolowere.

Posamuka kuchoka pabedi kupita pa wilitcheya, thako lisakhule tayala. Kachilonda ka kukhulika n'kamene kamasanduka chilonda chachikulu. Thabwa losendera, limene limaikidwa pakati pa bedi ndi wilitcheya posamuka, likhale losalala, lopalidwa bwino m'mbali, ndipo munthu asamasendere ali wosavala.

aNaphiri (namwino):
Chinyezi tsopano. Khungu lonyowa ndi mkodzo, chimbudzi kapena thukuta limafewa ngati zala za munthu amene wachapa tsiku lonse, ndipo limang'ambika ndi kukhula kochepa. Akadziipitsira, asambitsidwe nthawi yomweyo ndi madzi ofunda ndi sopo wosambira wofatsa, osati wa ufa wochapira. Madziwo ayesedwe ndi chigongono cha wosambitsa. Popukuta muzigunditsa nsalu pang'onopang'ono, osakhula, makamaka m'mphechepeche ndi pakati pa matako. Kenako pakani Vaseline kapena mafuta a zinc oxide mopyapyala kuti mkodzo usafike pakhungu.

Pulasitiki yoteteza matiresi isakhudze thupi. Pamwamba pake payalidwe nsalu ya thonje yomwa madzi, yokokedwa bwino. Khwinya limodzi la chitenje, nyenyeswa za chimanga chokazinga, batani kapena chivundikiro cha botolo chimene chagwera pabedi, zonsezi zimasiya chidindo usiku umodzi. Musaunjike zitenje zambiri pansi pa matako. Mulu wa nsalu umalimba n'kupha kufewa kwa matiresi. Paipi ya mkodzo idutse pamwamba pa ntchafu, isagonedwe, thumba likhale m'munsi mwa chikhodzodzo. Amene anaphunzitsidwa kudzitulutsa mkodzo ndi paipi yolowetsa n'kuchotsa asunge nthawi yake, maola 4 mpaka 6. Chimbudzi chikhale ndi nthawi yake yokhazikika, tsiku lililonse kapena kudumphitsa tsiku limodzi, patapita mphindi 20 kapena 30 atadya, pamene matumbo amayenda okha. Mpando wa chimbudzi wa thabwa ukutidwe ndi siponji, ndipo asakhalepo nthawi yaitali osadzipepuza.

aMbewe (mmisiri wa mawilitcheya):
Zovalanso. Jinzi ili ndi misoko yokhuthala, matumba a kumbuyo ndi tizitsulo, zonse pamalo okhalira. Buluku lofewa lopanda matumba a kumbuyo ndilo labwino. Foni, makiyi ndi ndalama zachitsulo zisalowe m'thumba la buluku. Nsapato ikhale yokulirapo ndi saizi imodzi chifukwa mapazi amatupa madzulo, ndipo mugwedeze musanamuveke, mwina mwalowa kamwala. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi mapazi atalikirane ndi mbaula, ndipo mbale ya phala lotentha isaikidwe pa ntchafu.

aNangozo (wa za kadyedwe):
Pepani ndachedwa. Munthu wowonda alibe mnofu wophimba mafupa, ndipo wosowa zakudya zomanga thupi chilonda chake sichitseka. Amene ali pachiopsezo chachikulu kapena ali kale ndi chilonda amafuna magalamu 1.25 mpaka 1.5 a zomanga thupi pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwake tsiku lililonse. Wa makilogalamu 60 ndiye kuti magalamu 75 mpaka 90. Dzira limodzi lili ndi pafupifupi 6, kapu ya mkaka 8, kapu ya nyemba zophika 15, mtedza wodzaza dzanja 7. Usipa wouma ndi matemba a ku Chilwa ndiye chuma, chifukwa kuposa theka la kulemera kwake ndi zomanga thupi. Phala la m'mawa lithiridwe nsinjiro kapena ufa wa soya, masana nyemba kapena nandolo, madzulo nsomba, masamba osasowa, ndi chipatso ngati gwafa, papaya kapena lalanje. Amene impso zake zili ndi vuto afunse kaye kuchipatala asanachulukitse.

Mbali inayo nayonso ilipo. Thupi losayenda silitentha chakudya chambiri, ndiye nsima ya mulu ndi zakumwa za shuga zimanenepetsa, kulemera pa mafupa okhalira kumachuluka, kudzinyamula kumavuta. Madzi akhale pafupifupi malita 2 pa tsiku, pokhapokha a chipatala atapereka muyezo wina chifukwa cha paipi. Ambiri amadzimana madzi poopa kunyowetsa pogona, mapeto ake mkodzo umawawa pakhungu, chikhodzodzo chimadwala, m'mimba mumauma. Fodya amafinya timitsempha tomwe tikulimbana kuti titsegule. Mowa umagonetsa munthu malo amodzi mpaka m'mawa.

aMwale (kiliniko ofesala):
Chinthu chimodzi chimene achibale ayenera kuchidziwa pamtima. Kwa amene anavulala pa fupa la T6 kapena pamwamba pake, kutanthauza chapakati pa mapewa kukwera m'khosi, chilonda, paipi yotsekeka kapena chimbudzi chouma zimatha kukweza BP mwadzidzidzi. Madokotala amati autonomic dysreflexia. Mutu umagunda kwambiri, thukuta limatuluka kumaso ndi m'khosi, mphuno zimatsekeka. Musamugoneke. Mukhazikeni tsonga, miyendo ilendewere, masulani lamba ndi nsapato, onani ngati paipi yapindika kapena thumba ladzaza, onani ngati wakhalira chinthu. Zikapanda kutsika pa mphindi zochepa, thamangani naye kuchipatala, chifukwa zimatha kubweretsa sitiroko. Kukokana kwa miyendo kukachuluka mwadzidzidzi, nakonso nthawi zambiri ndi thupi likunena kuti penapake pali vuto; muvuleni muyang'ane paliponse.

aNabanda (mlangizi wa zaumoyo):
Nanga khungu likang'ambika kale, kunyumba achite chiyani podikira ulendo wa kuchipatala?

aNaphiri (namwino):
Choyamba n'chomwe chija: asakhalirepo, asagonerepo, ngakhale kanthawi ka chakudya. Palibe mankhwala opaka amene angapoletse chilonda chimene chikupanikizidwabe. Tsukani ndi madzi a mchere: lita imodzi ya madzi owiritsa n'kuzizira, mchere magalamu 9, amene ndi supuni ya tiyi imodzi ndi theka yosadzaza mulu. Apangidwe atsopano tsiku lililonse. Thirani pachilondapo, pukutani khungu lozungulira, phimbani ndi gozi woyera. Thonje lisalowe mkati, limasiya ulusi. Musathire makapisozi otsegula, phulusa, mankhwala otsukira mano kapena masamba otafuna. Thuza la pachidendene musaliboole, ndipo nkhanambo yakuda youma ya pachidendene musaisende. Chilendeweretseni chidendenecho mpaka a chipatala aone.

Chilonda chikapola, chipsera sichibwerera mphamvu zake zonse, chimafika pafupifupi 80 peresenti basi. Kukhalanso pa wilitcheya kuyambe ndi mphindi 15, muone khungu, ndiye muziwonjezera pang'onopang'ono masiku akamapita.

aMwale (kiliniko ofesala):
Zosadikira m'mawa ndi izi: mafinya, fungo, mnofu wakuda kapena wachikasu mkati, kutentha ndi kutupa mozungulira, fupa kuonekera, kapena munthu kutentha thupi, kunjenjemera ndi kusokonezeka mutu. Pamenepo matenda akulowa m'fupa kapena m'magazi, ndipo amapha. Koma ulendo womwewo umawononganso. Kuchokera ku Kachulu kapena ku Chingale kufika m'tauni ndi msewu wautali wa mabampu, ndipo pa mpando wa minibasi kapena pa njinga yamoto munthu amafika chilonda chitakula. Ngati chili pa matako, ayende atagona chammbali ku mpando wa kumbuyo, kapena pa matiresi ake kumbuyo kwa galimoto, mapilo ali m'malo mwake. Khushoni ndi mapilo alowe nawo m'chipatalamo, ndipo pa mzere asakhale pa benchi. Womuperekeza auze anamwino pofika pomwe kuti wodwalayu anavulala msana ndipo akufunika pogona.